Phungu Amene Ankayankha ndi Njere za Maungu

Mlongo wanga Lemuel anabadwira m'nyumba yabwino. Ndayamba ndi zimenezi dala, chifukwa kuno ku Bellwater alipo anthu amene mpaka lero amanong'onezana kuti mwina tinamulera molakwika. Sitinamulere molakwika ayi. Kwathu kwa a Amsden tinkadzuka kusanayere, tinkapemphera tisanadye, ndipo Lamulungu lililonse mukanatipeza pa benchi yachitatu m'tchalitchi, tonse anayi, nsapato zopukutidwa. Mayi sankalola mbale kugona yosatsuka. Bambo athu, a Enoch Amsden, anali ndi mwendo umodzi wamtengo, komabe ankalima chimanga ndi kuweta nkhumba kuposa amuna ambiri a miyendo iwiri m'Indiana muno. Ine Zilpha, woyamba kubadwa, ndinatengera iwowo. Kumene Lemuel anatengera ulesi wake sindikudziwa.

Mwendo wa bambowo unatsala ku Tennessee pa nkhondo yapachiweniweni ya kuno ku America ija. Anawomberedwa pabondo gulu lawo likubwerera m'mbuyo, nasiyidwa m'matope. Mnzawo wina, a Asa Roush, atazindikira kuti bambo palibe, anabwerera okha, nawabereka kumsana, nayenda nawo masiku atatu m'nkhalango mpaka anapeza nyumba ya mlimi wachifundo. Anawadwazika kumeneko milungu isanu ndi umodzi. Nthawi yonseyo kalaliki wa gulu ankaitana maina m'mawa uliwonse, dzina la a Roush osayankhidwa, ndiye m'buku la mainalo analemba pambali pake mawu awiri: wothawa nkhondo. A Roush anabwerera kugulu, anamenya nkhondo mpaka kumapeto, koma panalibe amene anakumbukira kufufuta mawuwo, ndipo bukulo linapita ku Washington lili choncho.

Mawu awiriwo anawadya munthuyo zaka zoposa makumi awiri. Bungwe la asilikali akale silikanatha kuwalandira. Pa 30 Meyi chaka chilichonse, tsiku lokongoletsa manda, anzawo ankaguba atavala majekete awo abuluu, ng'oma ikulira, atsikana akuika maluwa ndi timbendera pa manda a asilikali, pamene a Roush ankaima kunja kwa mpanda, chipewa chili m'manja. Sankafuna zambiri. Ankangofuna kuguba kamodzi kokha ndi anzawo, ndiponso kuti akamwalira adzagone mumzere wa asilikali, kambendera kali kumutu. Koma cholembedwa m'buku la boma safufuta ndi malovu. Pamafunika bilu yapadera ya munthu mmodzi yekhayo m'Nyumba ya Malamulo, ndipo woiimirira ayenera kukhala phungu wa dera lake.

Ife tinkawaitana kuti amalume Asa, ngakhale panalibe ubale wamagazi. Analibe mkazi kapena mwana. Mwana wawo anali Lemuel, ndipo ndi iwo amene anamusemera kangolo koseweretsa, kumuphunzitsa kusambira, ndi kumubisa mayi akamamufuna ndi chikoti.

Mwanayo Mulungu anamupatsa pakamwa, koma msana anamumana. Akatumidwa kukapalira, mukanamupeza wakhala pa chitsa akusimba nkhani, aganyu akuseka kwinaku akumalizitsa mizere yake. Akatumidwa kukadyetsa nkhumba, yankho lake linali limodzi: ndichita posachedwa. Mayi anamuuza kangapo kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, iye n'kuwapsompsona patsaya, iwo n'kuseka. Ine ndinkadyetsa nkhumbazo ndikutukwana chamumtima.

Anaphunzira zamalamulo, ndipo pakamwa pomwepo panamutchukitsa. Ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu chipani chinamusankha kuti aimire dera lathu. Amalume Asa anamanga mahatchi awo pangolo namuyendetsa sukulu ndi sukulu, tchalitchi ndi tchalitchi, m'matope ndi m'fumbi, iye akugona kumbuyo pa udzu kuti asunge mawu. M'Novembala wa 1886 anapambana.

Tsiku lotsatira bambo anaika envelopu patebulo, pafupi ndi mbale yake. M'menemo munali umboni wawo wolumbira pamaso pa woweruza, wofotokoza masiku atatu aja ndi milungu isanu ndi umodzi ija.

"Lemuel, sindikupempha mlatho kapena njanji," anatero bambo. "Ndikupempha mawu awiri okha, afufutidwe. Pakanapanda munthu ameneyu, bwenzi iwe uli mwana wamasiye. Ndamveka?"

"Bambo, imeneyo ndi ntchito ya tsiku limodzi," anayankha Lemuel pakamwa pali buledi. "Muiwerenge ngati yatha kale."

Amalume Asa, amene anali pomwepo, anatuluka panja kukamina, ngakhale analibe chimfine.

Tsono mwambo wathu ndi wopusa mbali imodzi. Munthu amasankhidwa m'Novembala, koma Nyumba sikumana mpaka Disembala wa chaka chotsatira. Miyezi khumi ndi itatu munthu akungotchedwa Olemekezeka popanda chogwira. Wanzeru amawerenga ndi kuyendera anthu ake. Lemuel anasamukira pakhonde la hotela, miyendo pa mpando wina, fodya kukamwa, akulandira moni. Ndinkamuona bwinobwino kuchokera pawindo la positi ofesi pomwe ndinkagwira ntchito. Pofika nthawi yokwera sitima, ulesi umene kale unali chizolowezi unali utasanduka udindo.

Za ku Washington anandiuza yekha pambuyo pake, choncho sindikupeka. M'nyumba ya alendo imene ankagonamo munkakhalanso phungu wina wachikulire, a Horatio Pomfret, munthu wamimba yaikulu ndi mawu okoma, amene anali atasankhidwa kasanu popanda amene angakumbukire chimene anachitapo. Ataona Lemuel wakhala ndi mulu wa makalata ochokera kumudzi, anaseka mpaka kutsokomola.

"Mphwanga, ukufuna kufa usanakwatire? Makalata sawerenga. Kodi sanakuuze za njere?"

Njerezo n'zimene tonse tikuzidziwa: boma limapatsa phungu aliyense timapaketi tambirimbiri ta mbewu kuti agawire alimi a kwawo, ndipo timayenda papositi ulere, bola pakhale siginecha yake. A Pomfret anamuphunzitsa kuti kalata iliyonse, kaya ndi yopempha ntchito, kaya yodandaula za msewu, kaya ya mayi wamasiye, yankho lake ndi kapaketi kamodzi. Anati munthu wakumudzi akaona dzina la phungu pa envelopu amaiwala chimene anapempha, amakaonetsa anzake kusitolo. Atatero anamugwira mkono napita naye kumalo kumene amadyako nkhono za m'nyanja ndi kumwa wisiki.

Kunena chilungamo, sabata yoyamba Lemuel anaiponya biluyo m'bokosi la kalaliki wa Nyumbayo. Komiti inawerenga umboni wa bambo, inaona kuti nkhani ndi yoyera, niivomereza popanda mkangano. Chimene chinatsala n'chochepa moti ndikachiganiza mutu umandiwawa. Mabilu a munthu mmodzimmodzi amaitanidwa Lachisanu, motsata nambala. Nambala ikaitanidwa, phungu wake aimirire, anene mawu ochepa, anzake avomere, basi. Akakhala palibe, kalaliki amalumpha n'kupita pa ina. Ntchito yonse ya Lemuel inali kukhala pampando wake Lachisanu ndi kuimirira kamodzi.

Koma Lachisanu ndiye tsiku losasangalatsa m'Nyumbamo. Olemba nyuzi sabwera, palibe woombera m'manja, ndi maina okhaokha a anthu osauka. A Pomfret ankati Lachisanu ndi la mahatchi othamanga ndi nkhono, ndipo Lemuel akamva malangizo ngati amenewo sankafunsa kawiri.

Kuno amalume Asa ankabwera ku positi ofesi Lachiwiri lililonse. Kulemba sankatha, ndiye ndinkawalembera ine, mawu awo aulemu aja, ofunsa ngati mwina pali nkhani. Patapita milungu itatu inabwera envelopu yokhala ndi siginecha ya Lemuel, yopindika bwino ngati mchira wa nkhumba. Anaitsegula pomwepo. Munali njere za maungu.

Anaziyang'ana nthawi yaitali, kenako anamwetulira.

"Waona, Zilpha? Mwanayu sanandiiwale. Ntchito yamuchulukira, koma akundikumbukira."

Tinalembanso, kunabwera njere. Tinalemba kachitatu, njere. Ine ndinalemba yangayanga, ya masamba anayi, yopanda ulemu ngakhale pang'ono, ndipo nanenso ndinalandira kapaketi kanga, ndi dzina langa lolembedwa ndi dzanja la munthu wina. Mlongo wake weniweni, wa bere limodzi, kundiyankha ndi maungu! Ndinakaponya m'mbaula. Koma amalume Asa ankadzala paketi iliyonse, mpaka bwalo lawo lonse linayanga, masamba kukwera mpanda ndi kulowa kwa aneba.

Pa 30 Meyi Lemuel anabwera kudzalankhula kumanda monga phungu. Analankhula ola lathunthu za magazi a ngwazi zathu ndi za dziko losaiwala ana ake, amayi n'kumalira, amuna n'kumagwedeza mitu. Amalume Asa anali pamalo pawo kunja kwa mpanda, ndipo ndi iwo amene anaomba m'manja kwambiri. Mwambo utatha, bambo anadutsa pakati pa anthu, mwendo wamtengo ukugogoda pa miyala, namukokera Lemuel kuseri kwa mtengo.

"Za akufa walankhula bwino," anatero. "Wamoyo uja wamuona?"

Lemuel anayamba kufotokoza kuti zinthu za boma zimayenda pang'onopang'ono, kuti pali ndondomeko, kuti nkhaniyi ili m'manja abwino.

"Manja ake ati? Ako akununkha mowa. Mwana iwe, tsiku lija m'matope Asa akanati ndibwera Lachisanu likudzali, bwenzi pano ukuika maluwa pa manda anga."

Lemuel analumbira kuti akangobwerera aimaliza. Anabwerera, ndipo Lachisanu loyamba kunali mpikisano wa mahatchi.

Anthu a kwathu si opusa monga ankaganizira a Pomfret. M'Novembala wa 1888 anamukana Lemuel pa chisankho, ndipo kusitolo ankamutchula kuti Phungu Maungu. Komabe mwambo wopusa uja uli ndi mchira wake: wogonja amakhalabe pampando pafupifupi miyezi inayi, mpaka pa 4 Malichi masana. Belu la masana likalira tsiku limenelo, bilu iliyonse yosamalizidwa imafera pomwepo, ndipo wofuna ayambirenso pachiyambi ndi phungu watsopano.

Nyengo yozizira imeneyo amalume Asa anayamba kutsokomola moipa. Dokotala anauza bambo mwamseri kuti munthuyu sadzaonanso chimanga chikucha. Mayi anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo bambo sakanatha ulendo wa masiku awiri pa sitima. Anangondiyang'ana, ine n'kukalongedza.

Ndinafika ku Washington Lachitatu, sabata yomaliza ya Febuluwale. Nthawi inali itadutsa 11 koloko m'mawa, ndipo Olemekezeka ndinawapeza m'bulangete.

"Achemwali! Bwanji osanena kuti mukubwera?"

"Ndikananena ukanandiyankha ndi njere. Dzuka."

Ndinamukoka mpaka ku ofesi ya kalaliki, kumene tinauzidwa kuti Lachisanu likubweralo, pa 1 Malichi, ndilo lomaliza, ndipo bilu ya a Roush ndi nambala 43 pamndandanda. Kalalikiyo anawonjeza mwaulemu kuti nambalayo inali itaitanidwa kale kasanu ndi kawiri chiyambire chaka chatha. Ndinamuyang'ana Lemuel, iye n'kumayang'ana denga. Panjira ndinamuuza za chifuwa cha amalume, ndipo kunena zoona misozi inalengeza m'maso mwake. Lemuel sanali wouma mtima. Vuto lake linali lakuti chisoni chinkamukwanira, akalira ankamva ngati wagwira kale ntchito.

Lachisanu m'mawa ndinamudzutsa ndekha, ndinamupukutira jekete, ndinamumwetsa khofi wowawa, n'kumuperekeza mpaka pakhomo la Nyumbayo ngati mwana wopita kusukulu tsiku loyamba. Mkazi saloledwa pansi pomwe amakhala aphungu, choncho ndinakwera kukhonde la alendo, n'kusankha malo oyang'anizana ndi mpando wake. Mipando yambiri inali yopanda anthu. Iye anakhala, anandiyang'ana, nandigwedezera mutu. Mtima wanga unakhala pansi pang'ono.

Anayamba. Nambala yoyamba inatenga nthawi, yachiwiri inakanganitsa anthu, ndipo pofika masana anali pa nambala 12. Ndi pomwe ndinaona chimimba chikuyenda pakati pa mipando. A Pomfret anawerama pa khutu la Lemuel. Zimene ananena ndinazimva pambuyo pake.

"Maola awiri nambala khumi ndi ziwiri. Werengera wekha, mphwanga, yako ifika dzuwa litapendeka. Ukufuna ukomoke ndi njala poimirira? Mbale imodzi, kapu imodzi yotsanzikana, tibwerera asanafike pa 20. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Lemuel anayang'ana kumwamba kumene ndinali. Ndinapukusa mutu mwamphamvu mpaka chipewa changa chinapendekeka. Iye anandionetsa zala ziwiri zoyandikana, kutanthauza kuti pang'ono chabe, natuluka.

Chimene a Pomfret sanawerengere n'chakuti alesi m'Nyumbamo sanali awiri okha. Nthawi ya chakudya itakwana, anatuluka ambiri. Kalaliki anaitana 14, palibe. Anaitana 15, palibe. Anayamba kuthamanga, mawu ake osakwera osatsika, akulumpha maina a amasiye ndi opunduka ngati munthu wodumpha zithaphwi. Ndinayang'ana wotchi, ndinayang'ana chitseko. Anafika 30. Ndinaganiza zothamangira kunja, koma sindinkadziwa kuti nkhonozo amadyera kuti, ndipo mzindawo ndi waukulu. Anafika 38, kenako 41.

"Nambala 43, kufufuta mlandu wothawa nkhondo pa dzina la Asa Roush. A Amsden a ku Indiana."

Chete. Sipikala anakweza maso, nabwereza dzinalo. Pampando wa mlongo wanga panali nyuzipepala yopindidwa ndi magolovesi ake.

Ndinaimirira osadziwa kuti ndaimirira, n'kunena kuti ali pafupi, amudikire pang'ono. Mitu ingapo inatembenuka, wina anaseka, ndipo mlonda wa pakhomo anandigwira phewa nandiuza kuti alendo salankhula, ndikabwereza anditulutsa. Pamene ndinkakhala pansi kalaliki anali kale pa 44.

Lemuel analowa 2 koloko itadutsa, akupukuta pakamwa ndi mpango, masaya ali psuu. Atamva kuti ali pa 70 anaima chilili. Kenako pakamwa paja panayamba ntchito. Anapempha chilolezo cha Nyumba kuti abwerere pa 43, nalankhula mokoma za msilikali wokalamba amene ali pafupi kufa. Koma lamulo lake n'lakuti pempho lotere limafa munthu mmodzi yekha akakana. Anaimirira phungu wina wowonda, wa imvi, amene ndinamuona atakhala pampando wake chiyambire m'mawa, akudya buledi wouma wa m'thumba.

"Ndikukana," anatero. "Nanenso ndili ndi wokalamba wanga pa nambala 71, ndipo ine nkhono sindinadye."

Ndinamukwiyira munthuyo masiku ambiri, koma lero sindimuimba mlandu. Lolemba masana belu linalira, bilu inafa, ndipo Lemuel sanalinso Olemekezeka. A Pomfret, amene anali atasankhidwanso kachisanu ndi chimodzi, sanabwere n'komwe kudzatsanzika.

Tinakwera sitima yobwerera kwathu. Titayandikira Bellwater ndinasuzumira pawindo. Amalume Asa anali pa siteshoni, atatsamira mkono wa bambo, atavala jekete lawo labuluu limene linakhala m'bokosi chithere nkhondo. Mabatani anali atawapukuta mpaka kunyezimira. Jeketelo linali litawakulira kwambiri.

Lemuel ataona zimenezo anatenga chikwama n'kulunjika chitseko cha mbali inayo. Ndinamugwira kolala.

"Utsikira kuno, ndipo unena wekha."

Ananena. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake mawu anamuthera, moti nkhani yonse inatuluka m'ziganizo zitatu zoduka. Sananame, chimenecho ndimupatsa. Ananena za Lachisanu, za nkhono ndi za maulendo asanu ndi awiri aja. Bambo anatembenuka kuyang'ana njanji. Amalume Asa anamvetsera mpaka kumapeto, anatsokomola, kenako anayamba kumasula mabatani a jekete limodzilimodzi, ngakhale kunali mphepo yozizira.

"Palibe kanthu, mwana wanga," anatero. "Watopa ndi ulendo. Maungu aja anabereka bwino, ndakusungira awiri."

Ndikanakonda akanamumenya mbama. Lemuel nayenso amatero.

Anamwalira pakati pa Meyi, kutatsala milungu iwiri kuti lifike tsiku lokongoletsa manda. Akuluakulu a bungwe la asilikali anabwera kudzapepesa, ena akulira, chifukwa onse ankadziwa zoona zake, koma buku linali buku. Tinawaika kungodya ya manda, pafupi ndi mpanda womwe ankaimapo uja. Pa 30 Meyi ng'oma inalira, atsikana anayenda ndi madengu awo mzere wonse wa asilikali, ndipo kungodyako sanafikeko. Bambo sanagube. Anavula baji yawo, anatuluka pachipata, nakaima kunja kwa mpanda chipewa chili m'manja.

Lemuel anasintha, ndipo sindikana. Wisiki anasiya. Anayamba kudzuka ndi nkhuku ndi kudyetsa nkhumba zimene ndinamudyetsera ubwana wake wonse. Anapita ndi bambo kwa woweruza kukalumbiritsanso umboni watsopano, nakhala masiku atatu akulemba kalata kwa phungu amene anamulowa m'malo. Ndinaiwerenga ndisanaidinde. Inali kalata yabwino kuposa zolankhula zake zonse, yodzichepetsa, yopempha kuti ngakhale munthuyo anapita, dzina lake liyeretsedwe kuti kambendera kafike pa manda ake.

Kenako anayamba kubwera ku positi ofesi Lachiwiri lililonse. Ankaima pawindo lomwelo, pa thabwa lomwelo limene linadyeka ndi nsapato za amalume, n'kufunsa ngati mwina pali nkhani. Ndinkamuuza kuti palibe. Sabata yachisanu ndi chimodzi, m'thumba la ku Washington munatuluka envelopu yaing'ono ya dzina lake, siginecha ya phungu watsopano ili pakona. Ndinaigwedeza pafupi ndi khutu, ndipo ndinamva kuti tseketseke.

Ndikanatha kuiponya m'mbaula monga ndinachitira ndi yanga ija. Ndinaganiza zimenezo m'mawa wonse. Koma atabwera ndinaikankhira pawindo. Anainyamula, anaimva kupepuka kwake, ndipo sanafunikire kuitsegula. Anakhala pansi pa benchi, nkhope m'manja, anthu akumulambalala kudzagula masitampa.

Bambo anamwalira chaka chotsatira, ndipo iwo ndiwo anali mboni yomaliza ya masiku atatu aja. Lemuel akulembabe. Tsopano ali ndi imvi, aphungu anayi adutsapo, ndipo kabati yake yadzaza timapaketi.

Inu ana amene mukuwerenga izi, ndikuuzani mosapita m'mbali. Mlongo wanga sanabe, sanaphe, sanadane ndi munthu. Anangokhala waulesi, wokonda kapu ndi anzake omuuza kuti nthawi ilipo, ndipo zimenezo zinakwanira kuika munthu wolungama m'manda ndi dzina lonyozeka. Ulesi ndi tchimo, musalole wina akunamizeni kuti ndi chibadwa chabe. Buku Loyera limati wodziwa kuchita bwino napanda kuchita, kwa iye ndi tchimo. Mukapatsidwa mpando, khalanipo. Dzina lanu likaitanidwa, imirirani nthawi yomweyo, chifukwa kulapa kumatha kukonza wolapayo koma sikubweza tsiku limene linadutsa.

Mukadzafika ku Bellwater pa 30 Meyi, mudzaona timbendera mzere wonse wa asilikali. Kungodya kuli manda amodzi opanda kambendera, osesedwa bwino kuposa onse, ndipo kunja kwa mpanda kumaima bambo wina wa imvi, chipewa chili m'manja. Ameneyo ndiye mlongo wanga, ndipo ndimamukonda, koma mpaka lero ndikamuona pamenepo ndimafuna kumukoka khutu.